Mpando Watopa

Mpaka lero a Banda, amuna anga, akamva gitala ikulira pa wailesi amandiyang'ana ndi diso la m'mbali. Zaka zapita, adzukulu abadwa, mano aguluka, koma diso lija silinakalambe. Ndipo mlandu wake ndi wanga, wa pakamwa panga pomwepa.

Chinali chaka chimene mgodi wa kuno ku Kabwe unatsekedwa. Amuna a m'komboni mwathu anabwera kunyumba ndi zipewa zawo za mumgodi, n'kukhala. A Banda anakhala pampando wa pakhonde. M'mawa pampando, masana pampando, dzuwa likawapeza ankangosuntha mpando. Ine ndinayamba kuchapa kwa dona wina ku Highridge, zovala zina n'kumabwera nazo kunyumba.

Tsono ine ndikamachapa ndimayimba. Mayi anga a ku Dedza ankayimba pamtondo, ine ndimayimba pabeseni, ndipo chimene chandikwiyitsa tsikulo ndicho chimalowa m'nyimbo. Masiku amenewo nyimbo inali imodzi basi: "A Banda dzukani, mpando watopa. A Banda dzukani, mpando ukulira." (Ndinkayimbira kuseri kwa nyumba, ndipo makutu a bambowo anali atagontha kale ndi makina a mumgodi. Ndinali pabwino.)

Nyengo yomweyo Esinati, mwana wanga wotsiriza, anapeza mnyamata. Dzina lake Mwape, woyimba gitala m'gulu lina la m'tauni. Anzanga ankaseka, ati wagitala si mwamuna womanga naye banja. Ine ndinati, tauni yonse amuna ali pampando, uyu yekha ndiye amadzuka n'kupita kuntchito. Ameneyu asatipulumuke.

Ankabwera masana n'kukhala pansi pa mango, pafupi ndi mpopi, kudikira kuti Esinati abwere kuchokera kumsika. Esinati achedwe bwanji, iye osadandaula. Ali phee, mutu pansi, chala chikugogoda bondo. Ndinati, koma mwana uyu analeredwa.

Atabwera ndi ankhoswe ake n'kukhala mkamwini wodziwika, ndinatseka pakamwa. Mpongozi sayimba mkamwini ali pabwalo. Salankhula naye maso ndi maso. Sangamufunse n'komwe kuti bambo, mumakonda chiyani? Ndiye ndinadzifunsa ndekha, n'kudziyankha ndekha ndi mutu wangawu: wagitala amakonda gitala. Nanga akondenso chiyani?

Ndinapempha wailesi ya kaseti kwa dona uja, pamodzi ndi makaseti atatu a rumba, aja gitala imalira osapuma. Tsiku loyamba ndinayiika pawindo. Mwape anakhala pang'ono n'kutsanzika. Ndinati mawu achepa. Tsiku lachiwiri ndinayitulutsa pabwalo, n'kupotokola kokwezera mawu mpaka kumapeto. Nkhuku zinathawa. Mwape anakhala ngati munthu amene dzino likumuwawa koma ali pamaliro. Ndinati mabatire afooka. Tsiku lachitatu ndinakatenga batire la galimoto kwa aneba, ndi sipika yaikulu, n'kuyivundikira pakamwa pa mtsuko kuti izigunda bwino. Inagunda ndithu. Ngakhale a Banda anamva, anasuntha mpando dzuwa lisanawapeze.

Tsiku lachinayi pansi pa mango panalibe munthu. Sabata inatha, panalibe munthu.

Esinati anandipeza ndikuyanika, maso ali psu.

"Amayi, Mwape mwamuchita chiyani?"

"Ndamulandira ngati bwana."

"Manje mwamuthamangitsa. Akuti pano pasanduka shabini. Akuti gitala amaimva Lolemba mpaka Lamulungu, makutu amachita kuwawa. Kuno ankabwera kudzapuma."

"Kupuma ndi chiyani? Pano pali chomvera?"

"Inu."

"Ine?"

"Inu ndi beseni lanulo. Akuti anzake onse agitala ndi choncho, akaweruka safuna kumva waya, amafuna mawu a munthu. Wina amapita mpaka ku Mpima kukakhala kuseri kwa tchalitchi kumvera anyamata a seminale. Iye anapeza inu. Ndiye inu mwatseka pakamwa n'kutsegula wailesi."

Ndisaname, ndinakondwa. Ndinakondwa ngati mtsikana. Wailesi ndinabweza tsiku lomwelo, ulemu wa upongozi ndinaupachika pachingwe pamodzi ndi malaya a dona, n'kubwerera pabeseni. Mwape anabwerera pansi pa mango. Ndinayimba, ndinayimba, mokweza tsopano, poti ndinali ndi womvera. (Kuti chala chogogoda bondo chija chikusunga chiyani, sindinadzifunse. Munthu akamatamandidwa nzeru zimapita kumsika.)

Ukwati unachitika Loweruka masana, muholo ya mgodi, imene denga lake linali litayamba kale kudontha. Komboni yonse inabwera. Ine ndili kutsogolo, duku latsopano, a Banda pambali panga ndi jekete yawo ya tsiku lopuma ntchito.

Anthu atadya, Mwape ananyamuka pampando wa mkwati, n'kutenga gitala kwa mnzake.

"Iyi ndi mphatso kwa apongozi anga aakazi," anatero pa chimkuzamawu. "Ndi nyimbo yakale ya kwawo ku Malawi. Ndinaiphunzira kwa iwo."

Ndinalulutira. Inde, ine ndi amene ndinayamba kululutira. Gitala inalira mokoma, mokoma, ndinamva ngati ndikuidziwa. Kenako Mwape anatsegula pakamwa.

"A Banda dzukani, mpando watopa."

Nthungululu inandithera pakhosi. Mwape, mwana wa eni ake, ankaganiza kuti ndi Banda wina wa makedzana, wa kumapiri uko. Koma akazi a m'komboni sanafunse kuti Banda wake uti. Anaimirira onse, zitenje m'chiuno, aliyense n'kuikamo wake. A Mulenga dzukani. A Tembo dzukani. A Chanda dzukani, mpando ukulira. Amuna ali m'mipando ya holo, akuyang'ana nsapato.

Masipika a tsikulo anali aakulu kuposa mtsuko wanga. A Banda anamva liwu lililonse. Anaweramira kwa ine pang'onopang'ono.

"Mayi a Esinati, nyimbo yakale imeneyi?"

"Yakale zedi."

"Ya ku Dedza?"

"Ya ku Dedza."

"Kodi ku Dedza kulinso Banda wa pampando?"

Ndinakonza duku, ngakhale linali bwinobwino.

Lolemba lake a Banda anatenga khasu n'kupita kukapempha munda cha ku Mulungushi, ndipo milungu iwiri sanandilankhule. Mpando anauwaza okha nkhuni. Banja la Esinati lilipo, adzukulu anayi, onse amagogoda bondo.

Ndikanakonda kunena kuti ndinaphunzira kusunga pakamwa. Koma Lamulungu lapitali a Banda anagona m'tchalitchi mpaka kuliza mkonono, ndipo beseni langa lili kale ndi nyimbo yatsopano. Mwape akubwera Loweruka.