Ndikupanga Swap, Musandisokoneze

Lolemba

Kutentha kwa chigwa chino! Ma 8 hours thukuta lafika kale m'masokosi. Kompyuta ya sukulu, imodzi yokha yomwe imayaka, yaumanso pakati pa phunziro. Ana akuyang'ana ine, ine ndikuyang'ana mausi yosasuntha.

Ndazimitsa, ndayatsa, ndalemba free -h, lamulo loonetsa memore. Memore 2G, yatsala pang'ono kudzaza. Swap 0B. Matenda ake ndi amenewo. Swap ndi kamalo pa hadi disiki komwe kompyuta imakankhirako zinthu zongokhala memore ikadzaza, monga timatulutsira mipando pakhonde alendo akachuluka. Amene anaika Linux muno sanaipange. Mbuzi ya munthu.

Pulani:
1. Kupanga swap ya 2G.
2. Kuikhazikitsa.
3. Kupuma ngati munthu.

Ndamata pepala pachitseko cha labu: NDIKUPANGA SWAP, MUSANDISOKONEZE.

Madzulo ndili pakhonde pa nyumba yanga. Ndi ya sukulu, inde, koma ndi yanga. Malata, simenti, mpopi pafupi. Ndinaidikira zaka zisanu ndikuchita lendi kumudzi, mpaka a Tembo, amene ankakhalamo, atasinthana malo ndi mphunzitsi wa ku Chipata. Wotsatira pamndandanda ndi a Sakala a masamu. Akamadutsa amapatsa moni nyumba, osati ine.

Lachiwiri

sudo fallocate -l 2G /swapfile. Fayilo ya swap yapangika.

sudo mkswap /swapfile. Kompyuta ikundikalipira kuti fayilo ili poyera, aliyense angathe kuiwerenga. Ndaiwala chmod 600, lamulo lokiya fayilo. Ndikuti ndilembe, magetsi thi. Ma 10 hours. Ndatukwana m'zinenero zitatu.

Akulowa a Sakala, pepala langa aliwerenga koma alowabe. Anyamula mango m'pulasitiki. Zaka ziwiri sanandipatsepo ngakhale choko.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi? Kodi denga lija limadontha?"

Denga langa likuwakhudza chiyani? Mango ndadya, anali okoma, koma ndakwiya.

Lachitatu

Magetsi abwera. chmod 600, mkswap, swapon. Ndalemba swapon --show, ndipo ilipo, 2G yathunthu. Ndavina ndekha mu labu.

Ahedi aima pakhomo, manja kumbuyo. "Taona pachitseko. Ndiye swap ija yatheka?"

Ndayankha monyada kuti yatheka lero lomwe, kwangotsala kuilemba kuti ikhazikike. Andigwira chanza ndi manja awiri. "Zolembalemba tisiyireni ife." Iwo? Munthu amene amafunafuna chilembo A pa kiyibodi ngati wataya singano? Komabe ndasangalala kuti pomaliza pake ntchito yanga yaoneka.

Kuli msonkhano wa aphunzitsi ma 14 hours. Sindipita, ndili bize.

Ma 15 hours kompyuta yauma. Ndi swap yomwe! Ndazimitsa, ndayatsa. Swap 0B. Yapita, chifukwa sindinailembe mu /etc/fstab, fayilo yomwe kompyuta imawerenga ikamayaka. Chinthu chopanda chikumbumtima ichi, ukangochizimitsa chimaiwala zabwino zonse zomwe wachichitira.

Lachinayi

Ndatsegula fstab. Mzere umodzi wokha wofunika kuwonjezera. Chala chonyowa thukuta chaterera, chafufuta chilembo pamzere wapamwamba, ine osaona. Poyatsanso, sikirini yakuda bii, ati emergency mode. Ana ndawalembetsa manotsi.

Kunyumba amake Dalitso sakuyankha moni. Mbale zikuikidwa pansi mwamphamvu. Mkazi wanga akakwiya amasiya Chinyanja n'kulowa Chikunda cha kwawo ku Kawaza, ndipo lero walowa mpaka m'khosi. Zomwe ndatolapo:
ndine wachinsinsi,
ndili ndi wina ku Chipata,
iye wazimvera kuchigayo, pamaso pa anthu.

"Sukulu yonse ikudziwa kuti wapanga swap, ine mkazi wako ndimve kwa akazi a Sakala?"

Apa ndiye ndamvetsa. Swap! Mphunzitsi akasinthana malo ndi mnzake wa sukulu ina, tonse timati wapanga swap. A Tembo anapita pa swap. Ine ndemwe ndinawanyamulira matilesi. Ndiye ndalemba mawu omwewo ndi maka yofiira n'kumata pachitseko.

Ndafotokoza za memore ndi hadi disiki. Wati Memore ameneyo ndi wa kuti.

Lachisanu

Pepala ndang'amba. Ma 7 hours ndili mu ofesi ya ahedi. Ndafotokoza zonse, mipando, khonde, alendo. Amvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Chabwino. Koma kwenikweni mukupita sukulu iti?"

Sindikupita kulikonse!

Ndiye atsegula buku la misonkhano. Lachitatu lija, ine ndili kalikiliki ndi kompyuta ya anthu, aphunzitsi onse anagwirizana kuti nyumba ipite kwa a Sakala. Anaomba m'manja. A Sakala anabweza kale makiyi kumudzi, ndipo mwini nyumba waikamo mwana wake amene wangokwatira. "Munanena ndi pakamwa panu kuti yatheka," akutero ahedi. Ndinanenadi. Chimene chikundiwawa n'chimenecho.

Ndabwerera ku labu. Chilembo chija ndachipeza, mphindi zisanu fstab yakonzeka. Swap ikubwera yokha poyatsa. Pa kompyuta ukalakwitsa umangolemba swapoff, basi yatha. Kwa anthu a pasukulu pano lamulo limenelo kulibe.

Ma 13 hours yaumanso.

Loweruka

Ma 6 hours ngolo ya ng'ombe ili pakhomo panga. Muli:
matilesi anayi,
ana sikisi,
mbuzi ziwiri,
a Sakala pamwamba pa zonse, atakumbatira wotchi ya pakhoma.

Ndaima pakhomo manja m'chiuno. Ndakalipa mpaka mawu kusasa. Akazi a Sakala angokhala pansi pa mtengo wa mango ndi khanda. Ana sikisi aja akundiyang'ana. Ndiwathamangitsire kuti? Ndakwiya kwambiri chifukwa palibe woti ndimumenye.

Nzeru za ahedi: "Inu muli atatu chabe. Mukhale kaye mu labu mpaka tione."

Tasamuka. Bedi pakati pa makompyuta akufa, mapoto pansi pa bolodi. Amake Dalitso akusesa. Afika kuseri kwa kompyuta yanga, awerama, athyola kamtengo ka tsache, atokosa. Kwagwa dothi louma, chisa cha mavu chathunthu. Chinatseka fani yoziziritsa kompyuta.

"Chinthu chako sichimapuma," atero, n'kupitiriza kusesa.

Ndayatsa. Fani ikuzungulira. Ola limodzi, awiri, atatu, osauma. Inkangofa ndi kutentha ngati tonsefe.

Lamulungu

Kutchalitchi atiimiritsa kutsogolo n'kutipempherera ulendo wabwino wa ku Chipata. Ndinalibe mphamvu zotsutsa. Amayi a chigwirizano atipatsa nkhuku. Tailandira.

Podutsa panyumba paja, a Sakala ali pakhonde panga, pamalo penipeni pomwe ndimakhala. Andikwezera dzanja. Ati denga silidontha.

Nkhuku tamangirira kumwendo wa desiki. Dalitso wagona pa benchi. Amake ayambanso kundiyankhula Chinyanja, pang'onopang'ono.

Ndayatsa kompyuta, ndalemba free -h. Swap 2G, yokhazikika bwinobwino. Yogwiritsidwa ntchito: 0B.

Sabata yonse kompyuta sinakankhire kanthu pakhonde. Amene watulutsidwa ndine.