Tizovala Tanga pa Chingwe cha Azakhali

Mpaka lero amayi ena a kumpingo kwathu ku Birmingham akandiona amayamba ayang'ana pamimba, moni pambuyo. Wolakwa palibe, koma pakamwa pangapa posachedwa kutseka.

Makolo atamwalira ndinakula ndi agogo ku Ntcheu, ndipo iwo anandiphunzitsa kuti mwana sadula akulu pakamwa. Khalidweli ndinafika nalo ku Kings Heath, mu Birmingham momwemo, kwa azakhali anga a nesi, komwe ndinkakhala pophunzira za masitayilo a zovala pa koleji ina.

Tsiku lina mphunzitsi anaika patebulo kachidole kopanda mutu, kotalika ngati mkono, katavala kajekete. Abale inu! Kanali ndi matumba enieni olowa nsonga ya chala, timabatani ngati njere za therere, kolala yogona bwinobwino. Ndinangoti kukamwa yasa. Anati chovala chilichonse tizichiyamba chaching'ono chonchi, tisanaononge nsalu yaikulu. Aliyense anapatsidwa kachidole kake kopita nako kunyumba.

Ndinadzitsekera m'chipinda. Kutchalitchi ndinayamba kujomba, chakudya ndinkangolawa (singano ikakoma njala siimveka). Ndinasoka timadiresi, kasiketi, kamalaya ka chitenje. Nditamaliza ndinatichapa kuti choko chichoke, n'kutiyanika pa chingwe kuseri kwa nyumba, ine ulendo wa kukoleji. Azakhali sindinawauze kanthu. Sanandifunse, ndiye ndikanayambira pati?

Pobwerako ndinapeza nsapato mbwee pakhomo. Pa sofa panalibe munthu. Amayi a kumpingo anali pansi pa kapeti, atavala zitenje, miyendo atatambasula, tizovala tanga tili pakati. Apo ndinadziwa kuti nkhani ndi yaikulu.

"Khala apa, mwanawe," anatero Mayi Nachisale, mzamba wa ku Foleshill, amene anachita kusinthitsa shift kuti abwere. "Za khanda sitisokeratu lisanabadwe, ndiye iwe mpaka kuyanika poyera? Agogo ako sanakuuze?"

Ndinadikira kuti amalize. Sanamalize.

"Mazira usiye," anatero mayi wina wachikulire.

"Ayi amayi, mazirawo adye ndithu," anayankha Mayi Nachisale. " Scan ndim'bukitsira ine."

"Pram ya mwana wanga Junior ilipo, yangokhala m'garaja ku Whitmore Reans," anatero winanso.

Kunena zoona ndinachita nawo mantha osakaniza ndi ulemu. Palibe anandikalipira. Tsiku limodzi lokha anali atagawana kale wondiperekeza kuchipatala, wolera mwana ine ndili m'kalasi, ngakhale wokalankhula ndi abusa. Ine mwana wamasiye, amayi onsewa ndinali nawo osadziwa! (Ndinatsala pang'ono kudandaula kuti mimbayo palibe.)

Kenako azakhali, maso ali ofiira, anapala khadi yoimbira kumudzi.

"Amayi amve kwa ine, asamve kwa anthu," anatero uku akudina manambala.

Agogo anga a BP aja! Ndinadzambatuka, kuthamangira m'chipinda, n'kubwera ndi kachidole kanga. Ndinakaveka kadiresi kamodzi, n'kukaimika pakati pawo.

"Ndi za kusukulu," ndinatero. Mawu anga onse a tsiku limenelo anali amenewo.

Mayi Nachisale anavala magalasi, kutembenuza kadiresiko, kuyendetsa chala pa mpendero.

"Taonani, kali ndi malo a mabere! Nachisale ine, ana onse ndabadwitsa aja, osaona zimenezi?" Kenako anatsitsa mawu. "Koma zipi iyi ikutseguka ndithu. Manja a munthu amenewa?"

Kadiresi kanayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akukalandira ndi manja awiri, ngati kamapuma.

Apo n'kuti foni italowa kale. Azakhali anafotokoza zonse akuseka, misozi ili chuchuchu, kenako n'kundipatsira.

"Iwe," anatero agogo, mawu akumveka patali, "ndege yonse ija unakwerera kukasokera zidole?"

Tizovala ndimasokabe, koma ndimayanika pa hita m'chipinda, chitseko chili chotseka. Za funso la agogo, yankho labwino ndinali nalo ndithu. Linandibwerera sabata yotsatira, ndili ndekha m'basi.