Firiji ya ba Wilbroad

Inu, tamverani, pakamwa panandidyera malipiro ine Wilbroad, mlonda wa pa geti ku mayadi. Abwana atagula firiji yatsopano anandipatsa yakale. "Tenga, koma inafa," anatero. Mawu omalizawo ndinawasiya pa geti pomwepo.

Ndinaikweza pa wilibala dzuwa lili pamutu, n'kudzera dala pa msika wa Mtendere. Pofika pakhomo, anthu ali piringupiringu pambuyo panga, ine chifuwa chatupa. Ndinalengeza: "Amene ali na kanyama abwelese, ise sitimana."

Mkazi wanga Marjory anandikoka malaya. "Ba Wilbroad, nanga siilila bwanji?"

"Ni ya ku mayadi, siipanga chongo."

Tsiku lomwelo munadzaza soseji za neba wathu ba Enos ndi nsomba za anthu oti sindinawaonepo. Ndiulule? Ine? M'mawa uliwonse ndikaweruka ndinkazembera ku komboni ya Kalikiliki, kumene sandidziwa, kukagula ayisi kwa ba Nsofwa, n'kubwera naye m'chikwama madzi akuyenderera kumsana. Marjory ankamuyala pansi m'firijimo n'kuphimba ndi thaulo.

"Banzathu badya malipilo," ankatero. "Ise yathu isungunuka."

Choipa n'chakuti zinayenda bwino. Magetsi akapita mafiriji a anthu ankatentha, yanga ili zii. Mbiri inafika mpaka ku Kalingalinga. Ena ankati ili ndi batire ya kunja, ine osatsutsa.

Ndiye Lachinayi lina anabwera ba Deborah, mkulu wa azimayi kutchalitchi kwathu, ndi beseni la nkhuku zosadzula kale. Loweruka ankakapereka chakudya kwa mkamwini, mwambo uja wa chilanga mulilo.

"Zikaola izi, bapongozi bazatiseka mpaka ku manda."

"Amayi, gonani tulo," ndinatero ine chitsiru.

Lachisanu ndithamangire ku Kalikiliki, chitseko chokhoma. Akuti firiji ya ba Nsofwa yapsa. Ndinazungulira komboni yonse, ayisi osamupeza ngakhale pang'ono. Mantha anandigwira zenizeni, abale, ndinabwerera ndikupempherera nkhuku zakufa.

Pakhomo ndinapeza ba Deborah ndi azimayi awo abwera kudzaona nkhuku. Pakati pawo panali mayi wina ndi wilibala yodzaza mapaketi a madzi.

"Baniuza ati kuno kuli firiji yozizila na malaiti kulibe," ankatero, "nifuna munithandizeko kuumisa ayisi." Atatembenuka, ba Nsofwa. "Ah, ba kasitoma banga, ndimwe bene bake? Manje ayisi yonse ija mupeleka kuti?"

Ba Deborah anatsegula firiji, n'kukweza thaulo ndi zala ziwiri.

Nkhuku zinapulumuka, koma zinakazingidwa tsiku lomwelo pakhomo panga, makala anga, mafuta anga, ine ndikukupiza mbaula azimayi akundiimbira nyimbo ya kulapa.

Firiji ilipo, timasungamo nsapato. Ndipo mlendo akangolowa, Marjory salephera: "Amene ali na nsapato abwelese, ise sitimana."