Nsomba za Bambo Zinapita Kukapimidwa

Kwa Bwana Mkulu,
Sitolo ya Nyanja M'nyumba.

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Ine ndine kamunthu kaja kanabwera kusitolo kwanu dokotala atanena kuti bambo anga apeze kanthu kodekha koti aziyang'ana, poti chimwalirireni mayi, magazi awo amangothamanga. Munandigulitsa bokosi lowetera nsomba za m'madzi amchere, lolembedwa kuti "Zonse za Oyamba Kumene". Ndiye ndati ndisakhale wosayamika, ndikuthokozeni mwadongosolo.

1. Zikomo chifukwa cha getsi la buluu. Munati makorali, timiyala tamoyo tija tooneka ngati maluwa, amafuna kuwala. Kukuwaladi, bwana! Pabalaza pathu pasanduka ngati malo omwera mowa, moti aneba agogoda kale kufunsa ngati tayamba kugulitsa ozizira.

2. Zikomo chifukwa cha pampu yopanga mafunde. Thanki yathu ndi yofanana ndi beseni lochapira, koma inu, posafuna kutinyoza, munatisankhira pampu ya anthu olemera. Nsomba zinkapalasa tsiku lonse osasuntha pamalo amodzi. Sofa yanyowa mbali imodzi, alendo timawakhazika mbali inayo.

3. Apa ndiye ndiombe m'manja. Wogulitsa wanu wa tayi yofiira anandisenzetsa matumba a mchere, nandilangiza kuti madzi akaphwera m'thanki ndizisungunula mchere wina n'kuthiramo. Ndinamvera ngati mwana wasukulu. Mkazi wanga anayesa kunena kuti msuzi ukaphwera pamoto amathiramo madzi okha, chifukwa imauluka ndi nthunzi, mchere umatsala mumphika. Ine ndinamuyankha kuti za m'nyanja azisiyire ophunzira. Masiku ano amangondiikira mbale patebulo, kenako n'kundikankhira kabotolo ka mchere pafupi. Ndimadya nditazolika.

4. Zikomonso posandilemetsa ndi kachipangizo koyezera mchere m'madzi. Ndamva kuti n'kopepuka, kokwana m'thumba la malaya, ndipo ndi kamene woyamba kumene amayenera kugula asanagule china chilichonse. M'bokosi la "Zonse" munalibe. Sindikudandaula ayi, ndikumvetsa. Munthu woyeza mchere sabweranso kudzagula matumba ena, ngakhale nsomba zina.

Tsono, bwana, nsombazo bambo anazipatsa maina. Yaulesi anaitcha Mlamu, yamizeremizere Kalaliki, ndipo yachikasu anaitcha Dona, dzina limene ankaitanira mayi akafuna kuwaseketsa. M'mawa uliwonse ankakokera mpando pafupi ndi galasi, n'kumamuuza Dona za bondo lawo ndi za zidzukulu zosamva. Anayambanso kuseka. Dokotala anadabwa, ife tinathokoza Mulungu.

Makorali ndi amene anayamba kufa, anangoyera mbee. Kenako Mlamu anatembenuka chagada, Kalaliki n'kumutsatira. Dona analimba, monga mwini dzina, koma Lachiwiri lapitali ndinamuvuula ndi sefa ya tiyi bambo ali kubafa. Zinandiwawa, bwana, sindibisa. Bambo atatuluka, ndinawayang'ana kumaso, ndipo ndinawauza kuti nsomba zonse zabwerera kusitolo kwanu kukapimidwa.

Anayamikira kwambiri. Akuti sitolo zosamala chonchi zinatha kalekale.

Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamba ngati ine. Bambo akubwera Loweruka m'mawa kudzazonda odwala. Jekete asita kale, ndipo alongedza kachitini ka chakudya cha nsomba, chifukwa akuti Dona sadya za eni. Chonde muwalandire nokha, musatume wa tayi yofiira. Muwapatse mpando wotsamira, muzimitse getsi la buluu, ndipo muwafotokozere kumene kuli Dona ndi pakamwa pokoma pomwe paja munandiuzira kuti zonse zili m'bokosi. Lankhulani mokweza pang'ono, khutu lakumanja silimva bwino.

Mapiritsi awo a magazi ali m'thumba lamkati, kumanzere. Madzi omwera musathiremo mchere.

Ine wantchito wanu wosaphunzira za m'nyanja,

Mwana wa mwini Dona