Tsiku limene zala zanga zinafera m'nsapato

Lachinayi, mwezi wa Juni. Ndikulemba nditakhala pakhonde, mapazi ndawaviika m'beseni, ndipo ndikakumbuka za m'mawa ndikumabisa nkhope ngakhale palibe wondiona.

Lero linali tsiku losankha atsikana okathamanga pa mpikisano wa masukulu ku Salima boma. Ine m'kalasi sindiyankhula (aphunzitsi ena mpaka pano amanditchula dzina la mkulu wanga), koma kuthamanga ndimatha. Ndi chinthu chokhacho chimene ndimachita anthu akuyang'ana popanda kulakalaka nthaka itandimeza. Ndiye ndinkafunitsitsa kusankhidwa.

Amayi amachapa zovala pa loja ina kuno ku Senga Bay. Sabata yatha mlendo wina ponyamuka anawasiyira nsapato zothamangira, zoyera, zamizere yobiriwira. Anabwera nazo atazikulunga m'chitenje ngati khanda. Nditaziyesa, phazi langa linasowa m'katimo. Amayi anadina kunsonga ndi chala, n'kunena kuti palibe vuto, ndikuliramo. Kwathu kuno chilichonse timakuliramo: yunifolomu, juzi, ngakhale dilesi la ubatizo.

Koma kukula sikukanatheka pofika Lachinayi. Ndinayesa kuikamo mapepala, ankalira poyenda. Kenako ndinaona neti yakale ya udzudzu imene amayi amaphimbira usipa pathandala kuti ntchentche zisatere. Ndinadulako chidutswa, ndinaona kuti chachepa, ndinadulanso china (lumo likayamba kuyenda silimva). Ndinapanikiza netiyo kunsonga kwa nsapato zonse ziwiri, n'kuvala masokosi anga ndi a mkulu wanga pamwamba, kenako n'kukoka zingwe ndi mphamvu zanga zonse, kuzunguliza ku akakolo, mfundo pamwamba pa mfundo. Ndinkaopa chinthu chimodzi chokha: nsapato kuvuka pamaso pa sukulu yonse.

Mnzanga Asiyatu, amene timakhala desiki imodzi, atandiona anaima n'kugwira m'chiuno. Anati lero tonse tingobwerera, kwabwera mzungu. Iye anali wopanda nsapato ngati atsikana ena onse. Ndinachita manyazi, koma kunena zoona, mumtima ndinakoma.

A Madamu a zamasewera anatiuza njira: kuchoka pabwalo, kutsika msewu wafumbi mpaka padoko, kuzungulira mtengo wa mtondo, n'kubwerera. Oyamba kufika ndiwo opita ku boma. Wezulo italira ndinauluka. Ndinadutsa onse, ndipo ana a m'mbali mwa msewu ankakuwira nsapato zanga, osati ine.

Pafupi ndi chigayo, m'chala chachikulu chakumanzere munayamba kuyenda tinyerere. Sindinasamale. Pang'ono pang'ono tinyerereto tinasamukira ku zala zina, kenako kuphazi lamanja. Pofika pamsika wa nsomba tinyerere tonse tinali titapita, ndipo zala zinapita nato. Ndinkaponda pansi koma osamva kuti ndaponda. Ndinayesa kuzigwedeza m'katimo, sizinayankhe.

Apa m'pamene ndinakumbukira amalume a ku Lifuwu, amene amadwala shuga. Iwo amati mapazi awo amachita dzanzi mpaka minga kuwabaya osadziwa. Ndinakumbukira shuga yense amene ndakhala ndikunyambita m'chitini amayi akapita kuntchito. Ndikuthamanga chomwecho ndinalonjeza Mulungu kuti akandibwezera zala, tiyi ndizimwa wosatsekemera mpaka ukalamba.

Munthu wanzeru akanaima n'kumasula zingwe. Ine ndinaganiza kuti kuima pamsika, anthu onse aja akuyang'ana, n'koopsa kuposa kutaya zala. Ndinayamba kuponda mwamphamvu ngati ndikupha njoka, kuti mwina zingadzuke. Nditalowa mumchenga wa padoko, nsonga ya nsapato inakumba pansi, ndipo ndinagwa chafufumimba patsogolo penipeni pa asodzi amene ankasoka maukonde.

A Madamu, amene ankatitsatira pa njinga, anafika n'kundifunsa pamene papweteka. Ndinayankha monong'ona, sanamve. Ndinabwereza, sanamvenso. Kachitatu mawu anatuluka okha, doko lonse linamva:

"Madamu, zala zanga zafa. Ndili ndi shuga."

Anandiyang'ana kumaso, n'kuyang'ana kumapazi. Anayesa kulowetsa chala pansi pa chingwe, sichinalowe.

"Mwanawe, wamanga phazi kapena wamanga mbuzi?"

Mfundo zinakana kumasuka mpaka bambo wina wachikulire mwa asodzi aja anatibwereka mpeni wake. Nsapato itavuka, a Madamu anapisa dzanja n'kuyamba kukoka neti. Inatuluka. Anakokanso, inatulukabe. Ine ndinkangoyang'ana mchenga. Bambo uja anasuzumira m'nsapatomo mofatsa kwambiri, n'kufunsa a Madamu ngati muli kanthu, chifukwa iwo usiku wonse sanaphe ngakhale kansomba kamodzi. Asodzi anaseka mpaka wina anagona chagada m'bwato.

A Madamu, akupukuta misozi ya kuseka, anandifotokozera kuti munthu akamathamanga phazi limatupa pang'ono, ndipo likapanikizidwa magazi sayenda bwino, ndiye zala zimachita dzanzi. Anati dzanzi likamabwera ngakhale phazi lili lomasuka, pamenepo m'pofunika kupita kuchipatala, koma langali shuga wake ndi neti. Akuyankhula choncho, zala zinayamba kubwerera, zikubaya ngati masingano. Sindinadziwe kuti ululu ungakome chonchi.

Nthawi imeneyo atsikana angapo anali atazungulira kale mtondo. Asiyatu podutsa sanaime, anangokuwa molumbira kuti wallahi ndikapanda kudzuka akanditchula Chilimira, dzina la ukonde waukulu wa asodzi, mpaka Folomu 4. Ndinadzuka. Nsapato ndinazisiya m'basiketi ya njinga ya a Madamu, masokosi anayi pamwamba pake, ndipo ndinathamanga ndi mapazi amene Mulungu anandipatsa. Mchenga unali wozizira, ndinkamva kamwala kalikonse. Ndinadutsa wina pamsika, wina pachigayo, ndipo pabwalo ndinalowa womaliza mwa osankhidwa, ndikupumira paphewa la Asiyatu.

Ndikupita ku boma! (Dzina la Chilimira landikakamirabe, ngakhale ndinadzuka.)

Madzulo ano amayi atamva kuti ndasankhidwa anavina pakhomo, n'kuuza anansi kuti ndi nsapato zija. Sindinawatsutse, anali okondwa kwambiri. Pambuyo pake ndinawamva kuseri akukalipira makoswe amene aboola neti ya usipa, akudabwa kuti makoswe a masiku ano amadula mowongoka chonchi.

Mawa ndidzuka iwo asananyamuke, ndisoka zidutswa zija pamalo pake, ndipo ndiwauza kuti khosweyo ndine. Nsapato ndizichapa n'kuziika pamwamba pa kabati, zindidikire ndikuliremo. Za tiyi wosatsekemera zija, ndikuganiza kuti Mulungu anaona yekha kuti ndinali ndi mantha.