Mpeni Umodzi wa a Zikhalo

Mukafika ku Bembeke n'kufunsa za malemu a Stefano Zikhalo, musanamalize n'komwe funso lanulo wina akhala atakuuzani kale kuti mkulu ameneyo ankaombeza maukwati ndi makoko a kachewere. Amati ankangoyang'ana mmene mwasendera, basi adziwa kale ngati mudzakalambire limodzi kapena mudzagawana mapoto chaka chisanathe. Ena amawonjezera kuti makokowo ankakawayala kuseri kwa nyumba n'kumalankhula nawo. Bodza lokhalokha. Makokowo inkadya ndi nkhumba yawo, ndipo ngati kuseriko kunkamveka mawu, ankacheza ndi nkhumbayo.

A Zikhalo anali khukhi, osati sing'anga. Anaphikira ansembe kumishoni zaka zoposa makumi awiri, ndipo atapuma anayamba kuphika m'maukwati. Ankavala chipewa choyera chachitali ngati chumuni, chosokedwa ndi thumba la fulawa, moti pa chifunga chathuchi chipewa chinkayamba kufika eni ake akali kumtsinje. Tchipisi chawo ndiye musanene. Kunja khirichikhirichi, m'kati lofuu ngati buledi wa m'mawa. Anthu ankabwera ku ukwati osadziwa n'komwe amene akukwatira, ongomva kuti pa chiwaya pali a Zikhalo.

Koma anali ndi lamulo lawo. Ukawafuna, mkwati ndi mkwatibwi ankayenera kubwera okha pakhonde pawo ndi ndowa ya kachewere yemwe adzaphikidweyo, n'kumusenda pomwepo ndi mpeni umodzi. Akatha, a Zikhalo ankanena mawu amodzi okha: "Ndiphika," kapena "Sindiphika." Kufotokoza ankati n'kwa aphunzitsi.

Chifukwa chake sichinali chozama. Kachewere ndi wachinyengo. Kunja amawala, m'kati ali madzi okhaokha, ndipo sungamudziwe usanamusende. Zala za a Zikhalo zinali zitapindika ndi nyamakazi, chisanu cha kuno mukuchidziwa, ndiye kusenda sankakufuna. Anthu a komiti ya ukwati ukawaitana, aliyense amakhala ali ndi maliro kwa apongozi ake. Amene sangakane ndi eni ukwati okha. Nanga mpeni umodziwo? Inzake inapita m'maukwati momwemo, itakulungidwa m'zitenje za anthu obwera kudzathandiza.

Mbiri ija inayamba ndi a Benedict, mphunzitsi wina wa ku Boma. A Zikhalo anakana kuwaphikira, ndipo ukwatiwo unatha miyezi inayi isanakwane, mkazi n'kunyamula ndi makatani omwe. Kenako anakanira mkulu wina wogulitsa kabichi, nayenso zinamuthera chimodzimodzi. Basi, yafala! Maukwati amene anawaphikira bwinobwino n'kutha ndithu, ena mbale zobwereka zisanabwezedwe n'komwe, amenewo palibe ankawakumbukira. Bambo mfumu mpaka analalikira kuti Akhristu asiye kukhulupirira makoko. Anthu anagwedeza mitu mwaulemu, Misa itatha n'kuyamba kufunsana kuti ndowa yabwino abwereka kwa yani.

Amene zinamugwera kwenikweni ndi Ephraim, mnyamata wa njinga yamoto ya kabaza pa mphambano ya Bembeke. Ankafuna kukwatira Flossie, telala wa pamsika, mtsikana wa manja achangu ndi pakamwa pachangu kuposa manjawo. Ankhoswe anali atagwirizana, kutchalitchi atalengeza kale kawiri. Koma mayi ake a Flossie, a Monika, ananena poyera kuti: "A Zikhalo akakana, mwana wanga sapita kulikonse. Sindinamulerere kuti akabwerere ndi makatani."

Anzake a pa kabaza anamuzungulira Ephraim n'kuyamba kumulangiza, aliyense ngati anakwatirapo kasanu.

"Makoko akhale apyapyala, ase," anatero Dennis. "Akanenepa, madala aja amadziwa kuti ndiwe wowononga."

"Koko lisaduke," anatero wina. "Likaduka, ndi ukwati waduka."

"Ndipo mpeni usalande. Uzipempha, ndi 'chonde' yemwe."

"Nanga Flossie akandikaniza mpeniwo?" anafunsa Ephraim.

"Uzimwetulira. Ndiyo ntchito yako kuyambira tsopano."

Ephraim, amene chibadwire anali asanasendepo ngakhale chinangwa, anapita kukaphunzira kwa a Tawonga, okazinga tchipisi m'mphepete mwa msewu. A Tawonga anamulandira ngati mvula yoyamba. M'mawa uliwonse ankamuikira ndowa ziwiri, madzulo n'kuyang'ana makoko aja mokwinya nkhope.

"Mwatsala pang'ono, achimwene. Mubwerenso mawa, mulawirire."

Anawasendera a Tawonga sabata yonse, zala zili mabala okhaokha. Mutu wake unadzaza ndi makoko, moti tsiku loikika litafika ndi pamene anakumbukira kuti kachewere weniweniyo sanamupeze. Anathamangira pamsewu waukulu, n'kugula ndowa yoyamba imene anaiona, yosanjikiza bwino ija, yaikuluikulu pamwamba ngati chulu.

Unali m'mawa wa mwezi wa Julaye, chifunga chili tolo. A Zikhalo anakhala pa mpando wawo wa ndalema, chipewa chili njo, bulangeti m'miyendo. Anatulutsa mpeni, n'kuuika pakati pa awiriwo.

Ephraim anayamba. Koko loyamba linaduka katatu. Kachewere wa kukula ngati chibakera anatuluka m'manja mwake ali ngati dzira la nkhunda.

"Ukusenda kapena ukusema?" ananong'ona Flossie.

"Chonde, ndikupempha, usandisokoneze."

"Bweretsa mpeniwo."

"Upemphe."

"Ndipemphe chiyani? Sabata yonse kwa a Tawonga unkaphunzira zimenezi?"

Anaulanda. Ephraim anakumbukira malangizo aja n'kumwetulira, koma kumwetulira kwake kunali kwa munthu amene wapondedwa chala m'minibasi. Ali m'kati molimbana choncho, a Zikhalo anatola kachewere mmodzi wosenda, n'kumudula pakati, kumununkhiza, kumuluma pang'ono, n'kulavulira kumbali.

"Sindiphika."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Nkhani inafika kwa a Monika awiriwo akali m'njira. Madzulo ake mayiwo anapita kwa akatekisiti kukanena kuti Lamulungu likubweralo asalengeze kachitatu. Flossie anadzitsekera m'shopu, makina osokera ali zii, diresi la ukwati litapachikidwa lopanda mkono umodzi. Ephraim anakhala masiku awiri osaliza njinga. Dennis anabwera kudzamutonthoza, n'kumuuza kuti akazi ndi ambiri, ndipo anachoka mothamanga kuposa mmene anabwerera.

Tsiku lachitatu Ephraim anabwerera kwa a Zikhalo. Anawapeza kuseri akupatsa nkhumba madeya. Anagwada pamatope pomwepo, chipewa cha njinga chili m'manja.

"Bambo, ndapota nanu. Ndiuzeni chimene mwaona mwa ine, ndisinthe. Ngati ndi mowa, ndinasiya Lenti yapitayi. Ngati ndi makoko onenepa aja, ndiphunziranso."

"Dzuka, ukuopsa nkhumba. Kachewere uja unamutenga kuti?"

"Ndinagula pamsewu, bambo."

A Zikhalo anaika pansi chidebe cha madeya pang'onopang'ono.

"Pamsewu. Iwe unabadwira kuti?"

"Konkuno."

"Bambo ako ankalima chiyani?"

"Kachewere."

"Ndiye mwana wa mlimi wa kachewere, wobadwira ku Bembeke, akukagula ndowa ya pamsewu? Zija amasanjira anthu a ku Lilongwe, oima injini ili chilirire! Pamwamba asanu abwino, pansi ana okhaokha, okumba asanakhwime, ena obiriwira chifukwa chogona padzuwa. Ndikazinge zimenezo ine? Zimamwa mafuta ngati nyali, zikatuluka zili lende ngati zingwe za nsapato. Anthu akamadzalavula sadzanena kuti Ephraim. Adzati Zikhalo wakalamba."

"Ndiye ukwati wanga ulibe vuto?"

"Ukwati wako ndaudya ine kuti ndiudziwe? Liza njinga."

Anthu amene anali m'njira tsiku limenelo amasimbabe. Ephraim kutsogolo, a Zikhalo kumbuyo, dzanja limodzi m'chiuno mwa mnyamatayo, lina litagwira chipewa, akulowera kumapiri. Anayenda midzi itatu. Pakhomo lililonse a Zikhalo ankatsika, kukanda kachewere ndi chikhadabo, kuluma, kulavula, n'kukweranso. Pomaliza anamupeza kwa mayi wina wamasiye: wa khungu lofiira, wolimba, wouma bwino pamthunzi. Anamangirira thumba kumbuyo, n'kulunjika kwa a Monika.

A Monika anawayalira mphasa, n'kukhala patali, maso ali pansi.

"Ndiphika," anatero a Zikhalo.

"Zikomo, bambo. Koma pepani, ndifunseko. Chasintha n'chiyani?"

"Kachewere."

A Monika anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa zozama kwambiri.

"Ndamva, bambo. Sindifunsanso zambiri."

Pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kuti a Zikhalo anamutengera Ephraim kumapiri kukamuchotsa tsoka. Ephraim anayesa kufotokoza, anzake n'kumusisita paphewa. "Usaulule, ase. Tikudziwa kuti anakuletsa."

Ukwati unachitika. Diresi linapeza mkono wake, tchipisi chinatha anthu a kuchimuna asanalandire onse, ndipo a Tawonga anavina kuposa aliyense. Lero Ephraim ndi Flossie ali ndi ana awiri. Amakanganabe za mpeni, za njinga, za chilichonse, koma mapoto sanagawane.

A Zikhalo anatisiya mwezi wa Juni chaka chathachi, nthawi imene chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Pamaliro pawo alimi anabweretsa kachewere wochuluka, wosankha yekhayekha, palibe anayerekeza kubisa waung'ono pansi. Amayi anakhala mozungulira ndowa zija, mipeni ili m'manja, n'kumayang'anana. Panapita nthawi ndithu wina asanayambe kusenda.

Masiku ano maukwati akuphikidwa ndi atsikana ochokera ku Boma, a mayunifolomu ndi mbale zonyezimira zovundikira. Ndi aulemu, amafika nthawi yake, ndipo sakana munthu. Ukawapatsa kachewere wa pamsewu amakazinga, anthu n'kudya, n'kupita kwawo, mawa lake palibe wokamba za chakudyacho. Achinyamata akukwatirana osagwirapo mpeni. Khonde lija udzu wamera, mpando wa ndalema anatenga adzukulu. M'mawa wa chifunga Ephraim akamadutsa pamenepo amachepetsa liwiro, ngakhale palibe womuimika.

Iye ndi amene ankawatengera a Zikhalo kuchipatala masiku awo omaliza. Tsiku lina atawabweza, n'kuwakhazika padzuwa pakhonde, anaona kuti palibe wina pafupi. Mukudziwa, chinthu chikanenedwa ndi anthu onse kwa zaka zambiri, ngakhale iwe amene unaona ndi maso ako umayamba kukayika. Anakhala pansi pambali pawo n'kutsitsa mawu.

"Bambo, tili awiriwiri. Anthu amati munkaona za maukwati m'makoko. Tsiku lija, pa ine ndi mayi a ana, simunaonepo kanthu ngakhale pang'ono?"

A Zikhalo anatsegula diso limodzi.

"Iwe Ephraim, ine akazi atatu anandithawa, wachitatuyo ananyamula ndi chiwaya chomwe. Ndikanakhala woona za maukwati, bwenzi nditayamba ndi anga. Tandifunditsa bulangetilo."