Tsiku limene ndinavalira anyani malata

Inu amene mwakhala mukundifunsa za zipsera ziwiri zili pamapewa pangazi, khalani pansi ndikuuzeni kamodzi, ndatopa n'kunama kuti ndinapsa ndi nsimbi.

Munda wanga uli kumapeto kwenikweni, m'munsi mwa phiri kuno ku Thambani, malire ndi nkhalango. Chimwalirireni bambo a kunyumba ndimalima ndekha. Chaka chimenecho mvula inadula pakati, minda yambiri inapserera, koma wangawo unabereka, poti ine ndimabzala ndi mvula yoyamba komanso zolemba za pathumba la feteleza ndimaziwerenga n'kuzimva. Chimangacho ndiye chinali chakudya chathu chonse, ine ndi amayi anga okalamba amene sayendanso. Kwina kodalira kunalibe.

Vuto la kumtunda kuno ndi anyani. Chimanga chikangoyamba kukhwima amatsika m'phiri gulu lonse, ndiye amayi a minda ya m'mbalimo amalondera mosinthana, uyu lero pamsanja, wina mawa, kumenya zitini ndi kukuwa mpaka mawu kusasa. Ndipo poti nyani munthu wamkazi samuopa, amayiwo amavala buluku ndi chipewa cha amuna awo kuti azioneka ngati abambo. Tsono ine, munthu wa Fomu 4, woti ndinagwirapo ntchito mu ofesi ku Boma, ndivale buluku la malemu n'kumakuwa patchire?

Mlamu wanga Nachisale atabwera kudzandiuza kuti Lachinayi ndi langa, ndinamuyankha ndili chikhalire.

"Musandiwerengere, alamu. Wanga ndilondera ndekha, mwasayansi."

"Sayansi yake iti?"

"Simungaimve, ndi ya m'Chingerezi."

"Chabwino. Ndiye kuti ife kumtunda kwanuko sitizifikako."

"Musavutike n'komwe."

Nzeruyo ndinaitola pafoni ya achimwene anga oyendetsa thiraki ya ku Joni. Anandionetsa vidiyo ya asilikali akunja akuyesa mfuti zosapha munthu, zongotulutsa kuwala kobiriwira kotchedwa leza, mdani akamuwalitsa m'maso amangoona chidima n'kuthawa. Asilikaliwo anavala zitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, zoti ngakhale chikwanje sichingalowe. Achimwenewo anali atandisiyiranso katochi ka leza kangati cholembera, kotulutsa kadontho kobiriwira. Ndinadziuza kuti mfuti ndili nayo kale, chatsala ndi chovala, chifukwa mano a nyani ndinawaonapo atang'amba galu.

Ndinasasula malata awiri akale pakhola la mbuzi n'kupita nawo kwa a Joze, okhoma zidebe pamsika.

"Mayi, ine ndakhomapo zidebe, mbaula, ngakhale mabafa," anatero a Joze akukanda m'mutu, "koma munthu sindinamukhomepo."

"Muyambira pa ine. Lina kutsogolo, lina kumbuyo, lifike m'maondo."

Helemeti ndinabwereka kwa wakabaza wina wanjinga yamoto. Lachinayi m'mawa a Joze anabwera kudzandimanga, mawaya pamapewa, mawaya m'nthiti, akupotokola ndi pulayazi, ine ndikungoti limbitsani, limbitsaninso. Zoti chovala chomangidwa ndi pulayazi chimavulidwanso ndi pulayazi, mutu wanga wa Fomu 4 sunaganizeko.

Ndinadzera dala njira ya pachitsime kuti andione. Phokoso lake ngati ngolo yodzaza zidebe, agalu akuuwa, nkhuku zikubalalika, amayi atatula ndowa n'kungoti kakasi. Ine ndinawakwezera dzanja ngati nduna.

Anyani anatsika dzuwa litakwera. Ndinaima pakati pa munda, ndikuloza katochi kaja pa chinyani chachimuna chimene chinkatsogolera, ndikudina. Palibe. Kodi mumadziwa kuti kadontho kaja padzuwa la Malichi sikaoneka? Muvidiyo muja sananene. Ndinayesa kuloza pamthunzi wa mtengo pamene panakhala tiana tawo, kadontho kanaoneka, tianato m'malo mothawa tinayamba kukathamangitsa, kukagwira, kukanunkhiza, ine ndikusuntha dzanja, kadontho kakuyenda, ito tikutsatira, mpaka ndinatilowetsa ndekha m'chimanga ngati wolandira alendo paukwati. Amawo anatsatira ana awo. M'helemeti muja mpweya wanga unali utaphimba galasi, thukuta likulowa m'maso, amene ankaona chidima ndinali ine.

Ndinataya sayansi n'kuwathamangira. Ndipo ndikuuzeni, apa ndiye zinagwira, malata aja analira mwakuti gulu lonse linabwerera kuphiri, chinyani chachikulu chija patsogolo. Ndinachikuwira m'Chingerezi kuti chisadzabwerenso. Kenaka ndinatembenuka kuti ndione ngati alipo wina amene waona chipambano changa, chidendene chinakola mzere, ndinagwa chagada pakati pa mizere iwiri, lata lakumbuyo linalowa mothina ngati analiyeza.

Ndinayesa kudzuka, m'chiuno simupindika. Ndinayesa kugubuduka, mizere yandigwira uku ndi uku. Miyendo ndi manja zokha zikupalasa m'mwamba ngati kamba amene ana amutembenuza. Kukuwa, mawu akuthera m'helemeti, ndipo ndimukuwire ndani, poti anthu ndinawauza ndekha kuti asafike?

Malata anayamba kutentha. Mawaya a pamapewa aja ndiwo anandilemba zimene mumazionazi. Koma kupsako sikunandipweteke ngati zimene ndinamva patapita kanthawi, phesi likuthyoka kumanzere, lina kumanja, kenaka munda wonse. Anali atabwerera. Nyani sadya chimanga n'kumaliza, amaluma kamodzi, kutaya, kuthyola china. Ndinagona pamenepo ndikumva chakudya cha amayi anga chikuthyoka chimodzichimodzi, misozi ikutsikira m'makutu.

Chinyani chachikulu chija chinabwera n'kukhala pamzere pafupi ndi mutu wanga, chikusenda chimanga, makoko akugwera pa ine. Chinandiyang'ana pagalasi nthawi yaitali. Kenaka chinagogoda lata la pachifuwa panga kawiri, mmene timachitira pamsika poyesa ngati chidebe n'cholimba, chinatola katochi kaja, kukaluma, kukataya, n'kumapita.

Nachisale anafika dzuwa litapendeka, ndipo anabwera chifukwa amayi anali atamuitanitsa kuti sanadye chichokereni ine. Anaima n'kundiyang'ana, anayang'ana munda, sanaseke.

"Alamu, muli moyo?"

"Ndili moyo."

"Sayansi yatha, kapena ndidikire kaye?"

Mawaya anamukanika. Anapita kukaitana a Joze, ndipo a Joze akamayenda ndi pulayazi kulowera kumunda kwanga, mukuganiza kuti pamsika panatsala munthu? Anandimasula anthu atazungulira ngati akusenda mbuzi, wakabaza uja akungofunsa ngati helemeti yake ili bwino.

Zimene tinatola m'mundamo sizinafike n'komwe pakati pa nkhokwe. Amayi sanandikalipire, bola akanatero. Anangondipaka mafuta pamapewa n'kunena kuti, "Tizidya kamodzi, mwanawe, ine njala sindiimvanso kwambiri."

Sabata yotsatira ndinameza ulemu wanga wonse, ndinavala buluku la malemu ndi chipewa chawo, n'kupita kwa Nachisale kukapempha kuti ndizimulonderera munda wake tsiku lililonse, iye adzandigawireko chimanga pokolola. Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi.

"Chimanga ndikupatsani, alamu, amayi aja ndi athu tonse. Koma kumunda kwanga musayandikireko. Anyani aja akukudziwani, akangokuonani adzayesa mwatsegulanso lesitilanti."

Ndiye chaka chino ndikukwera pamsanja ngati wina aliyense, chitini m'manja, ndipo zinthu za m'mavidiyo ndazisiyira eni ake. Munthu akadzandimvanso ndikuti ndili ndi njira ya sayansi, andimange pamtengo wa nachesi mpaka anthu atakolola, koma chonde ndi chingwe, osati waya.